A Sikweya ndi Denga Lopanda Nthiti

Zoti mkazi wa a Sikweya anathawa pabanja chifukwa anapeza chibwenzi cha amuna ake mu laputopu ndi zabodza, ndipo amene anaziyambitsa akudzidziwa yekha. Ndi mayi uja woyandikana nawo nyumba, amene khutu lake lakumanzere linaphwatalala kalekale chifukwa choligunditsa kukhoma. Mu laputopumo mkazi analimodi, izo sitikana. Akazi awowo, mayi a pasaluni, ananyamuladi chikwama n'kupita kwa amayi awo, saluni n'kukhala yotseka. Koma kumva nkhani kudzera pakhoma kuli ngati kutola nsapato imodzi pamsewu: uli nayo, koma sungayende nayo.

A Sikweya ndi mmisiri wa madenga. Dzinali anapatsidwa ali kalipentala wamba, chifukwa ankayenda ndi sikweya yachitsulo m'thumba lakumbuyo ngakhale popita ku ukwati wa eni ake, ndipo akalowa m'nyumba ya munthu ankayamba ayeza kona ya chitseko asanapereke moni. Masiku amenewo anali woonda ngati msomali, ankathamanga pamitanda ngati buluzi. Kenako tsiku lina thabwa lonyowa linawaterera, anatsika opanda makwerero, bondo lakumanja n'kupindikira kumene Mulungu sanalilembere. Atachira analumbira kuti phazi lawo silidzapondanso chinthu chotalika kuposa sitepe ya basi. Mimba nayo inamva lumbirolo, inayamba kukula mosaopa munthu.

Wina akanatsegula kagolosale n'kumawerenga ntchentche. A Sikweya anagula laputopu yakale, yotentha ngati ayironi, n'kuphunzira pulogalamu yojambulira nyumba poonera mavidiyo pafoni: kuimitsa, kubwereza, kutukwana pang'ono, kubwerezanso. Pulogalamu imeneyi sijambula chithunzi chongokuyang'ana ngati cha pakalendala ayi. Nyumba imaima yathunthu mu sikirini, ndipo ndi mausi ukhoza kuizunguza, kuiona pamwamba ngati khwangwala, kapena kulowa kunsi kwake ngati khoswe. Iwo anasankha chimene ankachidziwa kale: mathirasi, mafelemu a matabwa a makona atatu aja amene amandanda pamwamba pa zipupa n'kusenza malata. Thirasi limakhala ndi mtanda wogona pansi, iwiri yopendekeka yokumana pamsonga, ndi timatabwa topingasa m'kati timene a Sikweya amatitcha nthiti.

"Munthu wopanda nthiti amapindika," amatero akamauza kasitomala. "Denganso chimodzimodzi."

Chimene ankanyadira koposa n'chakuti sankajambula mathirasi onse. Ankajambula limodzi, n'kulitcha mayi, kenako n'kulibereketsa ana mpaka denga litadzaza, onse omangirirana. Ukatalikitsa mtanda pa limodzi, onse atalika nthawi yomweyo. Ukasuntha nthiti pa limodzi, onse asuntha. "Banja lomvera ngati ili simungalipeze mumsewu muno," ankatero. Koma ukafuna kuti mwana mmodzi asiyane ndi anzake, uyenera kuyamba wamupatula m'banjamo, akhale payekha, kenako n'kumusintha. Mfundo imeneyi isungeni, tiifuna kutsogoloku.

Akamaliza ankasindikiza mapepala n'kupatsa akalipentala awo awiri, ndipo anawaphunzitsa lamulo limodzi lokha: "Kuganiza ndathana nako kunyumba. Inu dulani." Wina atayesa kufunsa funso anauzidwa kuti akagule laputopu yake. Kuyambira pamenepo anthuwo ankadula chilichonse chili papepala, ngakhale mukanawajambulira mpando. Kumalo omangira a Sikweya sankapitapita. Ankati iwo amapitako kukalandira kuthokoza basi. Ndipo tisawanamizire, madenga awo ankaima mowongoka, mvula inkagwa, anthu ankagona.

Tsono za mkazi wa mu laputopu uja. Pulogalamuyo ukaitsegula imabwera ndi kamunthu koima pakona, ntchito yake yongosonyeza msinkhu, kuti uone ngati chitseko chikukwana munthu kapena mbuzi. Ka a Sikweya kanali kamkazi, kopyapyala ngati pepala, koti ukazunguza nyumba iko kamangokuyang'anabe. Anzawo amakafufuta. Iwo ankakasiya, chifukwa ankakonda kukakweza m'denga kuti aone ngati munthu wokonza mawaya angadutsemo. Akazi awo, mayi a pasaluni, ndiwo anakapatsa dzina.

"Mkazi mnzanga wadzuka bwanji lero?" ankafunsa akamabweretsa tiyi. "Nanga inu kumangomuyang'ana m'maso tsiku lonse, sopo mumamugulira?"

"Ameneyu sapempha kanthu, mayi. N'chifukwa chake tikugwirizana."

"Sapempha chifukwa alibe mimba. Anakupatsani inu yonse."

Banja linali lotero, lachipongwe koma lotentha. Munga unali umodzi: apongozi. Amayi a mayi a pasaluni ndi telala wopuma, wamasiye, wamfupi, woyenda ndi ndodo imene saitsamira kwenikweni koma amalozera zolakwa za anthu. Chigwereni mkamwini wawo padenga, sanamutchulenso mmisiri. Ankati "awa a kanema". Pamaso pa alendo ankausa moyo n'kunena kuti mwana wawo anakwatiwa ndi kalipentala koma anamusinthira panjira, tsopano ali ndi woonera kanema. A Sikweya ankaseka nawo, koma mawuwo ankawakhala pakhosi ngati munga wa nsomba.

Ndiye apongoziwo, atakhala zaka zambiri m'kachipinda ka lendi kuseri kwa shopu, anamanga nyumba yawo, njerwa ndi njerwa, mpaka zipupa zinafika pofuna denga. Mwana wawo anawachonderera kuti ntchitoyo apatse mkamwini. Anavomera monyinyirika. A Sikweya anaona kuti nthawi yakwana. Ankafuna chinthu chimodzi chokha: mayi ameneyu agone pansi pa denga lawo, mvula igwe usiku wonse, m'mawa asowe chonena.

Tsiku loona pulani apongozi anabwera tepi ya utelala ili m'khosi, ngati abwera kudzayeza mkamwini suti yolowa nayo m'bokosi. A Sikweya anaizunguza nyumbayo mu sikirini, uku ndi uku, pamwamba ndi pansi.

"Kuzungulira ikuzungulira bwino," anatero apongozi. "Nanga thanki ya madzi ikhala pati?"

"Thanki iti, amayi?"

"Imene ndikuifuna m'dengamo, pamwamba pa bafa. Madzi akasiya kumpopi ndisamasenze ndowa ngati kamtsikana. Kapena kanema wanuyu madzi sawadziwa?"

"Amawadziwa, amayi. Taonani."

Apa munthu wina akanati ndipatseni mpata ndiganize. A Sikweya anafuna kuti apongozi aone liwiro. Anakoka thirasi la pamwamba pa bafa mpaka linadzaza sikirini yonse, anafufuta nthiti ziwiri zapakati, n'kukhazika bokosi la thanki pazipupa za bafalo. Nthawi yonseyi chala cha apongozi chinali pagalasi, chikulozera ndi kusiya mafuta. Thirasi lija a Sikweya sanalipatule m'banja. Kunja kwa sikirini, kumene diso silinkafika, ana onse omvera aja anavula nthiti zawo zapakati mwakachetechete.

"Mwaona, amayi? Wa pensulo akanati mubwere mawa."

"Tidzaona mvula ikagwa," anatero apongozi akunyamuka.

Mapepala anasindikizidwa, a Sikweya sanawayang'ane kawiri. Akalipentala anadula, anakhoma, anakweza, anafolera malata. Anatumiza chithunzi pafoni, bwana anachiona ali pampando wometera, n'kuyankha ndi chala chachikulu. Kenako anthuwo anapita kuntchito ina podikira matabwa a siling'i. Apongozi okha ndiwo ankafika panyumbapo m'mawa uliwonse, kukhala panjerwa, kutola misomali yopindika ndi kuyang'ana m'mwamba mosakhulupirira.

Lamlungu masana, mayi a pasaluni akusita zovala pabalaza, a Sikweya anatsegula laputopu kuti awaonetse mmene siling'i ya amayi awo idzaonekere.

"Tamukwezani mkazi mnzanga m'dengamo," anatero mayiwo, "akaone thanki ya amayi. Naye azigwirako ntchito."

A Sikweya anakanyamula kamkaziko ndi mausi, kukaika m'denga, n'kuyamba kukakoka kuchokera kumapeto a nyumba. Masiku onse kamayenda movutikira mmenemo, mutu kupyoza thabwa ili, phewa kupyoza linalo. Lero kanadutsa pakati ngati mkwatibwi, kuchokera kuchipinda mpaka kukhitchini, osakhudza kanthu.

"Koma ndiye mwamumangira msewu," anaseka mayi a pasaluni. "Ine zaka zonsezi shelefu ya mbale simunandikhomere."

A Sikweya sanaseke. Anabweza kamkaziko, kukakokanso. Anazunguza denga, kuliyang'ana chammbali. Anatulutsa foni n'kukulitsa chithunzi chija ndi zala ziwiri. Mathirasi enieni, a matabwa enieni, anali ataima bwinobwino pazipupa za apongozi, onse ali pululu pakati.

"Bambo, mwatani? Mwaoneka ngati mwameza msomali."

Anawafotokozera. Sanazungulire, chifukwa a Sikweya ngakhale polakwa amafotokoza ngati akuphunzitsa kalasi.

"Ligwa?" anafunsa mayiwo, ayironi ili m'mwamba.

"Chaka chino ayi. Chamawa mwinanso ayi. Koma mitanda yaitali ija ilibe choigwira pakati. Idzayamba kuwerama pang'onopang'ono ngati msana wa bulu wokoka mchenga, malata adzatsegula pokumanira, ndipo tsiku la mphepo yamkuntho sindingalumbire." Anaika foni pansi. "Siling'i akangokhoma, palibe adzaone."

"Pansi pakepo pazigona amayi anga."

"Ndikudziwa. Ndimangonena kuti mudziwe kuti ndaliona khomo limenelo ndipo sindidutsirapo."

"Ndiye itanani anthu anu aja akonze."

"Aja pakamwa pawo palibe chitseko. Ndikawauza m'mawa, pofika masana amayi amva kuti a kanema aiwala nthiti. Ndikwera ndekha."

Mayi a pasaluni anaika ayironi pansi, n'kuyang'ana mimba ya amuna awo kwa nthawi ndithu.

"Inu? Ndi katundu ameneyu?"

"Katundu ndi wanga, ndikudziwa ponyamulira. Inu ntchito yanu ndi imodzi. Amayi asaponde kumeneko mpaka nditamaliza."

Apa m'pamene mayiwo, mkwiyo ndi kuseka zitasakanikirana, anakweza mawu. "Zaka zonsezi kudzitama, lero mwagwidwa chifukwa cha mkazi wa mu laputopu. Chabwino. Ine ndikupita kwa amayi, ndipo sindibwerera mpaka mutathana nazo zimenezi." Khoma la nyumba zimenezija ndi lopyapyala, ndipo kuseri kwake khutu lophwatalala lija linali pantchito. Litaonanso chikwama chikutuluka pageti, nkhani inakwanira. Pothawa mbiri imodzi, a Sikweya anabereka ina yonenepa kuposa yoyambayo.

Iwo sankadziwa. Anayamba akonza mu laputopu: anapatula thirasi la thanki, n'kubwezera nthiti kwa mayi, ana onse anavalanso nthawi yomweyo. Kukanakhala kuti matabwa enieni amamvera chomwecho, bwenzi nkhaniyi itathera pompa. M'mawa anafukula sikweya yawo yachitsulo pansi pa bedi, anapukuta dzimbiri, n'kuilowetsa m'thumba lakumbuyo. Thumbalo linali litachepa, koma inalowa.

Panyumba ya apongozi anadula nthitizo pansi, kuzimanga pachingwe, n'kuima kutsogolo kwa makwerero. Bondo linayamba kuwakumbutsa lumbiro lija. Anayankha mokweza kuti, "Iwe khala chete, wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko," n'kukwera. Sitepe iliyonse makwerero ankadandaula ngati akuwerenga machimo awo. M'dengamo munali ng'anjo, malata akuwotcha pamutu, thukuta likulowa m'maso. Nthiti yoyamba inawatengera m'mawa wonse ndi chikhadabo chimodzi. Koma manja anakumbuka zimene mutu unaiwala. Hamala inapeza kulira kwake kwakale, ndipo pofika madzulo a Sikweya ankakwawa pamitanda akuimba mluzu, buluzi yemwe uja, kungoti tsopano wokhuta.

Kuseri kwa shopu, mayi a pasaluni anagwira amayi awo ukaidi ndi chipeso. Anati mutu wa mwini nyumba yatsopano uyenera kuoneka bwino, n'kuyamba kuwaluka tingwe tating'ono ngati ulusi wa makina. Akafika pakati ankati mzere wakhota, n'kumasula. Kutacha ankayambiranso.

"Iwe, chikondi chimenechi chayamba liti?" anafunsa apongozi, khosi litauma. "Saluni wasiyira ndani? Ine ndikufuna ndikaone nyumba yanga."

"Nyumba sithawa, amayi. Weramani."

Zikanatheka ndithu, pakanapanda mtima wabwino wa mayi woyandikana nawo uja. Ataona kuti msewu wonse wamva, anaganiza zokapepesa kwa eni ake. Analowa m'kachipinda ka apongozi ndi nkhope ya pamaliro.

"Pepani amayi, amuna ndi choncho. Mwana wanuyu alimbe mtima. Akuti mkaziyo ndi woonda, amakhala mu laputopu, ndipo bamboyo akumumangira nyumba."

Apongozi anaimirira. Theka la mutu linali lolukidwa bwino, theka linalo litaima ngati thonje la pilo wong'ambika. Sanafunenso mpango. Anatenga ndodo n'kutuluka, mwana wawo akuthamanga pambuyo ndi chipeso m'manja, akufotokoza zinthu zimene palibe ankamvetsera. Kunyumba kwa mkamwini anapeza loko. Anatembenukira kunyumba yawo yatsopano, ndipo asanafike pageti anamva hamala.

Analowa pabalaza lopanda siling'i. Panjerwa panali laputopu yotsegula. M'mwamba munali miyendo iwiri yolendewera ndi mimba yotsamira mtanda.

"Inu a kanema," anaitana. "Mkaziyo ali kuti?"

A Sikweya anasuzumira pansi, misomali ili pakamwa. Anailavulira m'dzanja. "Mkazi uti, amayi?"

"Wa mu laputopu. Amene wachotsa mwana wanga pabanja."

Mayi a pasaluni, akupuma mwawefuwefu, anawerama n'kuloza pa sikirini. "Ndi uyu, amayi. Mkazi mnzanga ndi ameneyu."

Apongozi anavala magalasi. Anayang'anitsitsa. Mwana wawo anazunguza nyumbayo ndi mausi, kamkaziko kakungowayang'anabe.

"Ameneyu? Alibe ndi kumbuyo komwe. Diresi ungamusokere poyambira pati?" Anavula magalasi. Koma m'malo motuluka anakweza maso, ndipo ndodo inayamba kuloza. Matabwa akale anali atayamba kuda ndi dzuwa la masiku omwe anakhala panja. Nthiti zatsopano zinali zoyera mbee, ziwiriziwiri pa thirasi lililonse, kupatula kumapeto kumene kunali kusanafikidwe.

"Awa oyerawa ndi a chiyani?"

"Amenewa timaika pomaliza, amayi. Ndi kachitidwe kamakono."

"Ine ndasoka zovala mpaka maso anatha. Chigamba ndimachidziwa ngakhale chitasitidwa. Munaphonya."

A Sikweya anayang'ana akazi awo. Akazi awo anayang'ana chipeso.

"Ndinaphonya, amayi. Tsiku la thanki lija. Ndinachotsa nthiti pa limodzi, zinachoka pa onse, ndipo sindinayang'ane."

"Makinawo ndiwo analakwa?"

"Ayi. Makina anamvera. Wolakwa ndi amene ankafuna kuonetsa liwiro."

"Mukanakhoma siling'i, ine ndikanadziwa?"

"Simukanadziwa."

"Nanga mwakwereranji, ndi bondo lanulo?"

"Pansi pano muzigona ndinu, amayi. Komanso denga ndi langa. Silingawerame dzina langa lili pomwepo."

Apongozi anakhala chete. Anthu amene amawadziwa akuti zimenezi zinachitikapo kamodzi kokha m'mbuyomu, kwa dokotala wa mano. Kenako anakokera njerwa pafupi ndi makwerero, anakhalapo, n'kugwira mwendo wa makwererowo ndi dzanja limodzi.

"Malizani. Ndipo mukhome bwino, chigamba chabwino chimalimba kuposa nsalu. Iwe, bwera udzamalize mutuwu pompano, ndisaoneke ngati ndagwidwa ndi magetsi."

Ndiye ntchito inatha choncho: mkamwini akukhoma m'mwamba, mwana akuluka pansi, apongozi akulozera ndi ndodo msomali uliwonse umene sunawasangalatse. Nthiti yomaliza italowa, a Sikweya anatsika chifuwa chili patsogolo. Apongozi anavula tepi m'khosi n'kuwapatsa.

"Ndiyezeni."

"Ndikuyezeni chifukwa chiyani, amayi?"

"Muchotse kamkazi kopanda kumbuyoko, muikemo ine. Ngati pali woyenda m'madenga mwanu kukaona zimene mwaiwala, akhale munthu wa maso."

Anawayeza, kuchokera kuphazi mpaka pa tingwe tatsopano. Lero mukapita kwa a Sikweya kukajambulitsa denga, pakona ya sikirini mupeza kamayi kakafupi, kojintcha, kogwira ndodo. Anakajambula okha, ndipo kumbuyo anakapatsa kokwanira. Asanasindikize pepala lililonse amakakweza m'denga n'kukayendetsa kuchokera uku mpaka uko, ndipo kakapanda kugunda nthiti amadziwa kuti pali nkhani. Kudzitama sanasiye. Akuti tsopano ndiwo okha mumsewu muno amene ali ndi woyang'anira ntchito wosalipidwa. Akalipentala aja analoledwa kufunsa mafunso, koma sanazolowerebe.

Mvula inabwera, inagwa mokwanira, m'nyumba ya apongozi simunadonthe. Chonena sanasowe, mayi amene uja sangasowe: akuti malatawo amasokosa. Koma alendo akafunsa amene anamanga dengalo amayankha kuti, "Mkamwini wanga, mmisiri uja, anachita kukwera yekha." Mawu akuti a kanema amawasungira masiku amene mkamwiniyo wachedwa kudzawakonzera mpopi.

Mayi woyandikana nawo uja akadali pakhoma, ndipo akuti akumva kuti mu laputopumo mwalowanso mkazi wina, wachikulire. Musamumvere. Mayi a pasaluni anapita kwa amayi awo kukawatsekereza pakhomo kuti amuna awo abwezere nthiti zimene anaiwala padenga, ndipo atamaliza anabwerera kwawo.